Kope la mng'ono wanga si nkhuni

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Loweruka koma lero zandikwana, ndilankhula basi. Amene akufuna kundiyimbira kuti ndachititsa manyazi banja ayimbe, nambala yanga akuyidziwa.

Loweruka m'mawa kuno ku Dedza kunazizira monga mukuudziwira Juni wa kwathu kuno, nkhungu itakuta phiri lonse osaoneka ngakhale mtengo umodzi. Atsibweni anabwera Lachisanu kuchokera kumudzi, anagona kwathu poti anali ndi zochita pa boma. Alawirira m'mamawa, akufuna kuotha, makala akukana kuyaka. M'malo modzutsa munthu, m'malo mofunsa kuti pepala loyatsira lili kuti, anatola kope la hardcover lomwe linali pa tebulo n'kuyamba kung'amba. Tsamba limodzi, lachiwiri, lachitatu, mpaka mbaula inati lawilawi. Pomwe mng'ono wanga amatuluka kuchipinda, masamba 14 anali atasanduka phulusa. Anawerenga yekha zotsalira pa msoko wa kopelo, manja akunjenjemera.

Atawafunsa, mwaulemu, atagwada monga tinaleredwera, mukudziwa zomwe anayankha? "Aaa, ndimayesa ndi zidole chabe. Si za kusukulu eti? Ujambulanso zina." Kenako anatambasula manja pa mbaula n'kufunsa ngati tiyi wapsa.

Zidole chabe! Mawu amenewo ndi amene akundisowetsa tulo. Moto ukanakhala wangozi ndikanamvetsa, ngozi siyiona nkhope. Koma munthu wamkulu anatsegula kope, anaona ndi maso ake kuti muli zojambula, anaona kuti wina anakhala pansi n'kuthera nthawi yake pamenepo, ndipo anaweruza yekha kuti zimenezi n'zoyatsira moto. Likanakhala kope la masamu sakanalikhudza. Likanakhala buku la ngongole za pagolosale sakanayerekeza. Koma poti ndi zojambula, basi nkhuni.

Zojambula za munthu ndi thukuta lake. Ndibwereza mpaka mutope nane: ndi thukuta lake.

Mtsikana ameneyu anayamba kujambula ali Sitandade 3. Ankajambula pansi ndi kamtengo, pa khoma la khitchini ndi khala, mayi n'kumamukalipira. Akakwera minibasi yopita ku Lilongwe ena akuwodzera, iye ali ndi pensulo, akujambula amayi ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu, momwe amangira duku, momwe chitenje chimapindikira m'chiuno munthu akasenza dengu. Tsiku la msika ku Lizulu amatha kukhala pambali maola awiri akungoyang'ana maluwa a zitenje ndi kuwakopera m'kope. Sapita kokacheza usiku, sapempha munthu ya mowa. Chake ndi pensulo ya 2B, labala ndi kope. Ndipo kope lomwe linapsalo si lomangojambulamo zomwe zamusangalatsa ayi, ndi mmene amayambira ntchito yake yonse ya pa intaneti.

Ndifotokoze, poti ena mukamva kuti intaneti mumangoganiza za Facebook ndi miseche ya pa WhatsApp. Pali malo a masewera otchedwa Roblox, anayamba mu 2006. Munthu amalowamo ndi kamunthu komuyimira, amati avatar, ndipo kamunthuko amakaveka malaya, buluku, chipewa, mikanda, chilichonse chomwe wafuna. Zovala zimenezo sizimera zokha ngati bowa wa m'Chongoni. Pali munthu anakhala pansi n'kuzijambula. Ofuna kuvala amagula ndi ndalama ya momwemo yotchedwa Robux, ndipo Robux imeneyo anthu amayigula ndi ndalama yeniyeni yotuluka m'thumba. Mng'ono wanga ndi mmodzi wa ojambula zovala zimenezo.

Ndamuonerera akugwira ntchitoyi, choncho ndikudziwa zomwe ndikunena. Amayamba ndi pensulo m'kope, kutsogolo kwa malaya, kumbuyo, manja onse awiri, chilichonse pachokha. Akakhutira amachijambula ndi foni, n'kuchilowetsa mu ibisPaint, pulogalamu yojambulira pa foni, n'kuyamba kulondola mzere uliwonse ndi chala pa galasi la foni. Chala, anthuni, pa foni yong'aluka pakona. Kenako amachiyika m'chikombole chake, amati template, chomwe ndi ma pixel (timadontho topanga chithunzi) 585 m'lifupi ndi 559 m'litali. Chifuwa chili ndi bokosi lake, msana lake, mkono uliwonse mabokosi ake. Ukaphonya pang'ono pokha, duwa la kutsogolo silikumana ndi la m'mbali, malaya amaoneka ngati osokedwa ndi telala woledzera, ndiye umabwerera n'kuyambiranso. Pofuna kuyika malayawo pa msika amalipira kaye Robux, ndipo akagulidwa eni malowo amadulapo gawo lawo. Zinthu zokhala ndi thupi ngati chipewa kapena mkanda wa m'khosi sizitheka pa foni, zimafuna Blender, pulogalamu yaulere youmbira zinthu pa kompyuta. Ameneyo anadziphunzitsa yekha poonera mavidiyo a pa YouTube, pa laputopu yobwereka kwa mnzake wa kutchalitchi, usiku bandulo ikatsika mtengo, magetsi akakhala kuti atikomera mtima.

Ndiye wina abwere adzati zidole chabe?

M'masamba 14 aja munali ntchito ya miyezi itatu. Amakonza zovala za ingoma, nthenga za kumutu, zikopa, chishango, mikanda ya amayi, zonse potengera zomwe anaona ndi maso ake ku Umhlangano ku Ntcheu chaka chatha. Anapita yekha, ndi ndalama yake yomwe anasunga, kukakhala padzuwa tsiku lonse akujambula anthu akuvina. Amafuna kuti mwana wa ku Malawi akalowa m'masewerawo apeze chovala cha kwawo, asamangovala za eni ake. Masamba atatu okha ndi amene anali atawajambula kale ndi foni. Enawo apita. Palibe kwina komwe anasungidwa.

"Ujambulanso zina." Mawu opepuka pakamwa pa munthu amene sanagwirepo pensulo kuti ajambule ngakhale nkhuku. Atsibweni, ndinu mlongo wawo wa mayi athu, ulemu wanu sindikuchotsa, koma ndiloleni ndikufunseni. Ng'ombe za munthu zitalowa m'dimba lanu la kachewere sabata ziwiri musanakumbe, mwini ng'ombe n'kukuuzani kuti "mudzalanso zina", mungamusiye? Simungathamangire kwa amfumu tsiku lomwelo? Chaka chija mbuzi za aneba zinadya kabichi wanu, mlandu unatha miyezi ingati? Munawerengera feteleza, munawerengera mankhwala, munawerengera masiku omwe munathirira ndi khasu ndi kheni m'manja. Bwanji masiku a mwanayu osawerengeka? Thukuta la pa khasu ndi thukuta, la pa pensulo ndi madzi?

Chomwe chikundipsetsa mtima kwambiri n'choti izi zikuchitika ku Dedza. Ku Dedza kwenikweni! Boma lomwe dziko lonse lapansi limalidziwa chifukwa cha zojambula. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula za pa miyala, ndipo UNESCO inawayika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija anajambula Akafula kalekale, zoyera zija anajambula makolo athu Achewa, ndipo zambiri mwa izo n'zokhudza amayi ndi chinamwali. Amayi, atsikana, agogo athu aakazi, anatenga dothi loyera n'kujambula pa thanthwe. Lero anthu amakwera ndege kudzaona ku Chentcherere, ku Namzeze, ku Mphunzi. Tikamva alendo akuyamikira timatukula mapewa kuti n'kwathu. Koma mdzukulu wa amayi omwewo akatenga pensulo, timati akutaya nthawi, timayatsira mbaula. Agogo aja akanakhala ndi achibale ngati ife, bwenzi miyala ija itakwechedwa ndi mchenga kalekale.

Tsikirani ku Mua mukaone. Ku Kungoni, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kwatuluka osema ndi ojambula omwe ntchito zawo zili m'matchalitchi ndi m'nyumba za anthu kunja kwa dziko lino. Pano pa boma pomwe, makapu ndi mbale za ku Dedza Pottery zimapentedwa ndi manja a anthu akuno, ndipo mlendo wanu akabwera mumathamanga naye komweko kukamuonetsa. Anthu amenewo anabadwa akudziwa kale? Sanayambire pa kope? Sanayambire pa zomwe inu mukuti zidole? M'mera mpoyamba. Simungathyole nsonga ya mbewu n'kumadzadabwa kuti bwanji sinabereke.

Kaya ndi umphawi umene unatiphunzitsa kuti chosadyeka lero n'chopanda pake, kaya ndi sukulu zathu momwe nthawi ya zaluso imasanduka yosesa pabwalo, ine sindikusamala. Munthu wamkulu ayenera kudziwa kuti chinthu cha mwini sachiwotcha.

Ndipo ndikudziwa kale funso lomwe ena mukulemba m'munsimu: "Nanga wapezapo zingati?" Ndi funso lomwelo nthawi zonse. Sanalemere, sindinama. Zomwe wagulitsa n'zochepa, ndipo kuti Robux isanduke ndalama ya m'manja pamafunika ifike kaye pa mlingo wina womwe iye sanafikepo. Koma ntchito imeneyi si nthano. Second Life, dziko lina la pa kompyuta lofanana ndi Roblox, inayamba mu 2003, ndipo pofika 2006 mayi wina, Ailin Graef, analengeza kuti chuma chomwe anapeza m'dziko la pa kompyutalo chadutsa madola 1 miliyoni. Zaka zonsezi anthu akudyera zimenezi ife tikadali kufunsa ngati si zidole. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ntchito pa boma pano kulibe, anzake omwe analemba nawo MSCE akungozungulira pa depoti, iye wadzipezera dziwe lina, ndiye ife abale ake ndi amene tikulikwirira ndi dothi.

Koma ngakhale akanapanda kupezapo ngakhale tambala wakuda, ngakhale akanamajambula kungodzisangalatsa, kope linali lake. Maola anali ake. Maso omwe amafiira usiku anali ake. Sikuti chinthu chiyambe chabweretsa ndalama ndiye mukachipatse ulemu. Ndi thukuta lake, basi.

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kwathu kuno akuluakulu ndi amene ayatsa. Ndipo enanu amene munali pakhonde m'mawa umenewo, amene munaseka, amene munamuuza kuti asalire ngati mwana wamng'ono pa nkhani ya mapepala, inunso muli momwemo. Palibe ndi mmodzi yemwe anati pepa. Mmodzi yekha! M'malo mwake ine ndi amene ndinauzidwa kuti ndilibe mwambo chifukwa ndinakweza mawu pamaso pa atsibweni. Mwambo wake uti wolola wamkulu kuwononga cha mwana osapepesa? Mwana akaswa kapu timamukalipira mpaka oyandikana nawo amve. Wamkulu akawotcha ntchito ya miyezi itatu timati tiyeni tingoyiwala, ndi akuluakulu.

Kuyambira Loweruka mtsikanayu sanagwire pensulo. Kope lotsalalo analiyika pansi pa matiresi. Dzulo ndinamugulira lina latsopano, wangoliyang'ana n'kunena kuti zikomo, lili pomwe ndinalisiya. Munthu amene amajambula ngakhale podikira nsima kuti ipse, lero wangokhala duu pa mkeka. Zimenezo ndiye zomwe mwachita, ndipo mukuti ndikhale chete.

Ndisanaiwale, poti ndayamba kale. Anthu omwewa onena kuti ndi zidole ndi amene amadzaza foni yake ndi mauthenga ikafika nyengo ya maukwati. "Iwe, tandipangire kadi ya chinkhoswe." "Tandikonzere chithunzi cha bridal shower, uyikepo maluwa." "Tandilembere chikwangwani cha pa saluni, si umakonda kujambula iwe?" Akapanga, abweza kanayi, mtundu uwu sunandisangalatse, dzina likule, chithunzi cha akunjira chiwale. Bandulo ndi yake, batire ndi yake, tulo ndi take. Akangoyerekeza kutchula mtengo, nkhope zimasintha: "Mpaka kulipiritsa wachibale?" Telala wachibale mumamulipira. Wophika keke wachibale mumamulipira, mumayamba ndi dipoziti. Wa zokuzira mawu simumuuza kuti si umakonda nyimbo iwe. Koma wojambula yekha ndiye adye zikomo. Pomwe mukufuna kadi, luso lake mumaliona bwinobwino. Pomwe mukufuna kuyatsa mbaula, lasanduka zidole.

Kuyambira lero aliyense wofuna kadi, chikwangwani kapena chithunzi adzera kwa ine, ndipo ndalama idzayamba yalowa pa foni pensulo isanakhudze pepala. Achemwali a ku Linthipe, kadi ya chinkhoswe cha mwana wanu cha mu Ogasiti ija mukafunse kwina.