Nkhope yotuwa pa zithunzi si mlandu wa wojambula

Maganizo anga ndi awa, amene akwiye akwiye: nkhope zambiri zimene zimatuluka zili mbuu pa zithunzi za maukwati ndi ma kitchen party muno mu Lusaka sizinawonongedwe ndi kamera. Zinawonongekera kunyumba, pagalasi, cha m'ma 17 hours, galimoto ikuliza hutala panja. Foundation ndi yowala kuposa khungu la mwiniwake, phawuda yachuluka, ndipo chilichonse chapakidwa pamwamba pa chinzake chisanaume. Pamaso mumaoneka ngati zili bwino. Flash ikangowala, nkhope ndi ya munthu wina, khosi ndi la munthu winanso.

Vuto limayambira pogula. Asisi, foundation sayesera pa dzanja, chifukwa dzanja ndi nkhope sizifanana mtundu. Sankhani mitundu itatu yoyandikana, lembani timizere titatu kuchokera pa tsaya kutsika pa nsagwada mpaka kukhudza khosi, kenako tulukani panja. Magetsi a m'sitolo, kaya ndi ku Manda Hill, ku East Park kapena ku Kamwala, amanama. Dikirani mphindi 10 mpaka 15, pakuti foundation yambiri imada pang'ono ikakumana ndi mpweya ndi mafuta a pakhungu. Kamzere kamene kasowa, kosaonekanso pamene kayambira, ndiko kanu. Yang'ananinso chimene chili pansi pa kuda kwanu: ena khungu lawo limapendekera kofiira, ena kwachikasu ngati golide, ena lili pakati. Munthu wa khungu lofiirira akapaka yachikasu amaoneka ngati akudwala, ngakhale kuda kwake kutafanana ndendende.

Chinanso, ambiri a ife pakati pa nkhope ndi powala, koma chipumi chakumtunda, m'mbali ndi mozungulira pakamwa ndi pakuda. Botolo limodzi silikwanira nkhope yotere. Mukufunika awiri, lowala pang'ono pakati, lakuda m'mbali. Ngati diresi ikuonetsa chifuwa ndi mapewa, nkhope ifanane ndi chifuwacho. Kale tinkanena kuti mitundu yathu kulibe, koma kuchokera pamene Fenty Beauty inatulutsa mitundu 40 mu 2017, makampani ambiri anawonjezera yakuda, ndipo Black Opal inalipo kale. Amene akugulabe yowala kuposa khungu lake lero akufuna kuyera, basi. Foundation siyeretsa munthu, imangomutuwitsa.

Khungu likonzedwe molingana ndi mwezi. Mu June ndi July mphepo ya kuno imaumitsa nkhope, ndipo foundation imakakamira pa timamba touma. Pamenepo musanyalanyaze mafuta a kunkhope. Mu October ndi thukuta lokhalokha, choncho pakani opepuka, ochuluka ngati njere imodzi ya nsawa, ndipo dikirani mphindi 5 kapena 10 alowe. Vaseline ndi glycerine zisiyireni miyendo: foundation imaterereka pamwamba pake isanakwane 21 hours. Primer, ija yopaka pansi kuti foundation igwire, ipite pamene pamatuluka mafuta pokha, pa chipumi, pa mphuno ndi pa chibwano. Mukaona tinthu tikupotana ngati litsiro pamene mukupaka foundation, mwina mwachulutsa primer, mwina simunadikire, kapena mwaphatikiza primer ya silicone, imene pa botolo pamalembedwa dimethicone, ndi foundation yamadzimadzi yosagwirizana nayo.

Za milk of magnesia, imene ena amapaka m'malo mwa primer, ndinene poyera. Inde imaumitsa nkhope usiku wonse, n'chifukwa chake ena amaikonda. Koma ndi mankhwala a m'mimba, pH yake, muyeso wosonyeza ngati chinthu chili cha asidi kapena cha soda, ili cha pa 10 pamene ya khungu ili cha pa 5. Mukaizolowera khungu limauma, limayabwa, ziphuphu zimabwera, ndipo pa chithunzi imasiya kutuwa kwake.

Yambani ndi nsidze ndi maso, nkhope pambuyo, chifukwa eyeshadow imayoyokera pa masaya ndipo n'kosavuta kupukuta pakhungu lopanda kanthu. Pensulo ya nsidze ikhale yabulauni wakuda, osati yakuda bii, ndipo lembani titsitsi tating'ono m'malo mwa mzere umodzi wolemera. Cha kumphuno kukhale kopepuka. Concealer, ija yokhuthala yobisira zipsera, mukamawongolera nayo nsidze ikhale pansi pokha, yowala pang'ono chabe. Pamwamba pakani ya mtundu wanu. Zija zozunguliza nsidze ndi mzere woyera ngati malire a bwalo la mpira zinatha nthawi yake. Pa chikope, bulauni wofunda alowe mu mkwinya ndi burashi yofewa, wakuda ku ngodya yakunja, ndipo yonyezimira muidinde ndi chala pakati, chala chimagwiritsa bwino kuposa burashi. Wanja akhale mzere woonda wotsamira pa mizu ya tsitsi la m'zikope.

Ma lashes omata amagwetsa anthu ambiri. Ayezeni pa diso musanapake guluu, ndipo otsala muwadule ku mbali yakunja. Pakani guluu woonda, dikirani masekondi 30 mpaka 40 ayambe kunanda. Mukamata akadali wamadzi amangoterereka. Galasi likhale pansi pa chibwano, inu mukuyang'ana pansi, muike pakati poyamba kenako ngodya ziwiri. Cha kumphuno siyani kampata, apo ayi diso lidzalira usiku wonse. Ndipo guluu wakuda womatira weave si wa m'maso, ngakhale wina ku saluni akuuzeni kuti amagwira bwino. Amagwiradi, n'kuzula ndi tsitsi lanu la m'zikope lomwe, ndipo amene thupi lawo limadana ndi latex zikope zimatupa.

Tsopano nkhope. Pa zipsera za ziphuphu ndi mozungulira pakamwa dindani corrector ya olenji, kapena yofiirira ngati ndinu wakuda kwambiri, pang'ono zedi, pamalo akuda pokhapo. Mukadumpha apa n'kumaunjika foundation, malowo amaoneka ngati phulusa, chifukwa kuda kumawonekerabe pansi. Foundation pampu imodzi, ikachuluka imodzi ndi theka, ndi yokwanira nkhope yonse. Siponji inyowe ndi kufinyidwa mpaka isadonthe, ndipo muzidinda, musamapukute. Yambani pakati kupita m'mbali, mukhudze makutu ndi kunsi kwa nsagwada. Ngati penapake pakuonekabe, onjezani pamenepo pokha. Yopakidwa mopyapyala kawiri imakhalitsa kuposa yokhuthala kamodzi, imene thukuta likatulukira pansi imang'ambika ngati dothi la m'dambo mu October.

Concealer ya pansi pa maso iwale mtundu umodzi kapena iwiri kuposa foundation, osapitirira. Timadontho titatu tokha, tisiyeni mphindi imodzi, kenako dindani mukuyang'ana kumwamba, ndipo phawuda ibwere nthawi yomweyo mikwinya isanabwerere.

Pa phawuda ndi pamene ndikufuna mumve bwino. Phawuda yoyera ya HD nthawi zambiri imakhala ndi silica wambiri, ndipo silica amabweza kuwala kwa flash. Titanium dioxide ndi zinc oxide, zimene zimapezeka m'mafuta ena oteteza ku dzuwa, zimathanso kuchita chimodzimodzi. Maso anu saona, kamera imaona. Usiku dzuwa kulibe, choncho zotetezazo sizofunika. Sankhani phawuda ya mtundu, yabulauni kapena yagolide. Ngakhale banana powder yotchukayo imatuwa pa khungu lakuda kwambiri. Baking, kuja kounjika phawuda n'kuisiya, ndi ya nkhope yamafuta, mphindi 3 mpaka 5, pansi pa maso ndi m'mbali mwa mphuno basi. Amayi amene khungu layamba makwinya asayese n'komwe, imawakalambitsa. Kenako sesani yonse ndi burashi yaikulu.

Musanachoke, zimitsani nyali, dzijambuleni ndi flash ya foni. Mukaona zigamba zoyera, sesaninso ndipo pakani phawuda ya mtundu wanu pamwamba. Magetsi akakhala kuti apita, poyesera papezeka paulere, koma kudziphoda pa kandulo ayi. Ikani nyali yoyera yotchaja kutsogolo kwa nkhope, molingana ndi maso. Ikakhala pamwamba imapanga mithunzi pansi pa maso, inu n'kumangowonjezera concealer pamene palibe vuto.

Contour ndi blush sizifuna nkhani yaitali. Contour, kamthunzi kakuda kooneketsa mafupa a masaya, ide mitundu iwiri kuposa inu, ichoke pa khutu n'kuthera pakati pa tsaya, isafike pakamwa. Blush ya olenji, yofiira kapena yonga vinyo imabwezera moyo umene foundation yachotsa. Pinki wotuwa ndi choko.

Milomo ikumana ndi mbale. Mafuta a nkhuku yokazinga amasungunula lipisitiki iliyonse, ngakhale ija yolembedwa kuti imakhala maola ambiri. Lembani ndi pensulo yabulauni, mudzaze mlomo wonse osati m'mphepete mokha, pakani lipisitiki, dindani ndi tishu, pakaninso. Pakati pakachoka pensuloyo imatsala. Setting spray, yopopera pomaliza kuti zonse zigwire, ikhale masentimita 20 mpaka 30 kuchoka pa nkhope, kanayi kapena kasanu, ndipo musagwire mpaka iume. Zonsezi zimadya ola lathunthu, choncho ngati khadi likunena 19 hours, khalani pagalasi 17 hours isanakwane, mutavala kale chovala cholowera kumutu kapena mutaphimba mapewa ndi chitenge.

Mukavina n'kutuluka thukuta, musathamangire phawuda. Phawuda pa thukuta ndi phala. Patulani tishu ikhale yopyapyala, idindeni pa chipumi ndi pa mphuno, dikirani paume, kenako phawuda pang'ono pamphuno pokha. Mu kachikwama mukhale tishu, lipisitiki, phawuda yaing'ono ndi guluu wa ma lashes. Mnzanu akapempha mascara kapena wanja mu toileti ya ku holo, mukanireni mwaulemu, matenda a maso amayenda motero. Mascara yokhayo itayeni pakatha miyezi 3 chitsegulireni. Pobwerera, kaya ndi 02 hours, sungunulani zonse ndi mafuta ochotsera kapena micellar water, ma lashes muwanyowetse kaye musanawasolole kuchokera ku ngodya yakunja, kenako sambani ndi sopo wa kunkhope. Siponji ichapidwe usiku womwewo, iume pamalo opita mphepo, osati m'kachikwama kotseka.