Pulagi ya mano awiri, soketi ya mabowo atatu

Pa Lizulu ukangodumpha msewu wa M1 ndiye kuti wafika ku Mozambique. Mbatata ndi kabichi zimawoloka popanda wofunsa, katundu wa magetsi nayenso chimodzimodzi. Alamu anga anagula ketulo ku Ulongwe wa ku Mozambique mwezi wa June, nthawi imene chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa. Nditawayendera ndinawapeza atagwada pakhoma, akutokosa bowo lam'mwamba la soketi ndi chivindikiro cha bolopeni kuti mano awiri obulungira a pulagi alowe.

"Alamu, mukudziwa chimene mwatsegula pamenepo?"

"Aaa achimwene, magetsi ndi amodzi omwewa."

Pamenepo sananame. A ESCOM kuno ndi a EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique, onse amapereka magetsi ofanana, mavolti 220 mpaka 230 pa 50 Hz, moti ketulo siidziwa ngati mphamvu yachokera ku Nkula pa Shire kapena ku Cahora Bassa pa Zambezi. Kusiyana kuli pa funso lakuti mlonda wayikidwa pati.

Ife tinatengera dongosolo la ku Britain. Pulagi yathu ya mano atatu, yonenepa ija yomwe ukaiponda usiku umaitana mayi ako, ili ndi fyuzi m'kati, yosapitirira maampu 13, yomwe imapsa n'kudula magetsi akapitirira muyeso. Anaiyikamo chifukwa masoketi ambiri amalumikizidwa pa waya umodzi wozungulira nyumba, wotetezedwa ndi breaker yaikulu ya maampu 30 kapena 32, switchi imene imagwa yokha n'kudula magetsi katundu akachuluka. Breaker imeneyo imalonda waya wa m'khoma basi. Chingwe chopyapyala cha ketulo mlonda wake ndi fyuzi.

Anzathu kutsidya anatengera kwa Apwitikizi. Mapulagi awo obulungira alibe fyuzi, koma m'dongosolo limenelo masoketi amagawidwa m'magulu, lililonse ndi breaker yake yaing'ono, kawirikawiri ya maampu 16. Kwawo pulagiyo ilibe mlandu.

Tsono taonani masamu ake. Mawati a chipangizo mukawagawa ndi 230 mumapeza maampu. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka pafupifupi maampu 9. Onjezani hita ya 2,000 ndi hotplate ya 1,500 pa ekisitenshoni imodzi, muli pa mawati 5,500, maampu pafupifupi 24. Breaker ya 16 ikaona zimenezo imagwa pakangopita kanthawi, mwini nyumba n'kunyinyirika mumdima koma nyumba ili bwinobwino. Fyuzi ya 13 nayo imapsa, chifukwa malire ake ndi mawati pafupifupi 3,000. Koma ekisitenshoni yopanda fyuzi mukaikakamiza mu soketi yathu, breaker ya 32 imangokhala chete, poti kwa iyo 24 ndi katundu wopepuka. Waya umayamba kufunda, kenako kafungo ka pulasitiki, ndipo nthawi zambiri waya umenewo umakhala utabisidwa kuseri kwa katani kapena pansi pa mpando.

Palinso earth, waya wothawitsira magetsi pansi chipangizo chikawonongeka. Mapulagi ena obulungira amagwira earth ndi tizitsulo ta m'mbali, ndipo mu soketi yathu tizitsulo timeneti sitikhudza kanthu. Ketulo yachitsulo ikawonongeka m'kati, njira yopita pansi imakhala dzanja lanu lonyowa.

Kunena chilungamo, ine ndimaona kuti dongosolo lathu ndi lanzeru, kungoti timaliwononga tokha. Fyuzi ikapsa timaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya kapena kulowetsa kachidutswa ka waya, n'kumadzitama kuti ndife amisiri. Breaker ya anzathu njovuta kuinyenga choncho, ndipo pamenepo atiposa.

Tsikulo ndinadula pulagi yobulungira ija n'kuyika yathu ya fyuzi ya 13: waya wa bulauni ku fyuzi, wa buluu kumanzere, wobiriwira ndi chikasu ku dzino lalitali. Alamu anathira tiyi, tinamwera mbatata yootcha. Potsanzikana ndinaona chivindikiro cha bolopeni chija achisunga pawindo, ati kuli wailesi ikubwera kuchokera ku Tete.