Kamvula kowaza si chifukwa chosiyira kusaka

Ndapsa mtima ndithu, ndipo ndilankhula pompano. Loweruka lapitali ndinadzuka 4 koloko m'mawa, mfuti ndapukuta, jekete la olenji ndavala, tiyi ali m'fulasiki, tchuthi ndapempha kale kuntchito. Ndili pakhomo kudikira galimoto, foni ikulira. Alamu anga akuti: "Achimwene, kunja kukuwaza, agwape sayenda mvula, tiyeni tigone." Kugona! Chifukwa cha kamvula koti kwathu ku Thyolo timati chiperoni n'kumapita nako kumunda?

Kuno ku Indiana, m'dziko la America, nyengo yaikulu yosaka agwape ndi mfuti ndi masiku 16 okha, kuyambira chapakati pa Novembala. Masiku 16 basi, inu n'kutaya Loweruka lathunthu chifukwa cha mitambo. Alamu, gwape alibe nyumba yamalata. Kukawaza amadya, kukachita mitambo amayenda, ndipo tsiku lakuda chonchi sathamangira kukabisala dzuwa likangotuluka, amachedwerako m'mphepete mwa minda ya chimanga chokololedwa. Komanso mwezi wa Novembala amphongo amakhala pakalikiliki kusaka zazikazi, mvula sawerengera n'komwe.

Imene imawagoneka ndi mvula yamphamvu yamkuntho, poti fungo ndi phokoso sazimva bwino, ndiye amakakhala m'zitsamba zowirira. Koma ngakhale imeneyo, ikangokata amadzuka ndi njala. Mlenje weniweni amafuna kuti nthawi imeneyo imupeze atakhala kale pa kampando kake mumtengo, osati akufunafuna makiyi a galimoto.

Ndiye taganizani masamba. Tsiku louma ukaponda tsamba limodzi, tchire lonse lamva, ukungoona mchira woyera uli m'mwamba, wapita. Tsiku lonyowa umayenda mwakachetechete ngati mphaka, mapazi a gwape akuoneka bwinobwino m'matope. Tsiku labwino ngati limenelo ife tinalithera pa sofa. Mnzanga wina wakuntchito anapita yekha, pofika 9 koloko ananditumizira chithunzi, gwape ali kumbuyo kwa galimoto, chipewa chili chonyowa.

Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Mwagula laisensi, mwagula mfuti, mwadzitcha mlenje, ndiye madontho akuopseni? Ngati mukuopa kuzizidwa nenani kuti ndikuopa kuzizidwa, musanamizire nyama. Gwape sanakutumeni kuti mumulankhulire.

Ndipo poti ndayamba, enanso amene amandinyansa ndi aja amawombera chisawawa mvula ikukhuthuka, nyama ili patali. Mwailasa pamimba, yathawa, magazi onse akokoloka ndi madzi, mulondola chiyani? Mumazungulira pang'ono n'kumati yasowa, n'kubwerera kukamwa khofi, nyama ikukafera m'tchire pang'onopang'ono. Kumeneko ndi nkhanza. Kukagwa mvula dikirani ifike pafupi, apo ayi chala chichoke pa mfutipo.

Loweruka likubwerali ndikupita ndekha, ndabwereka kale galimoto.