Musanatumize, funsani kuti walipira ndani

Ana inu, wakutsina khutu ndi mnansi. Kampeni ikangoyamba mumachita ngati mwaledzera. Uthenga wafika pa WhatsApp, simunamalize n'kuwerenga komwe, chala chadina kale, wapita kumagulu asanu. Wauyambitsa ndani? Simukudziwa. Walipira ndani kuti ukupezeni inuyo? Simunafunse.

Kampeni imadya ndalama, ndipo ndalama sizigwa ngati mvula. Magalimoto, zikwangwani, nthawi ya pa wailesi, anyamata ochezera usiku kulemba ndemanga, zonsezi pali wina amene akupisa m'thumba. Pa chisankho cha ku America cha 2020 panapita madola oposa 14 biliyoni. Wopereka chuma chambiri amayembekezera kontirakiti, msonkho wotsika kapena lamulo lomukomera, ndipo wopambana uja akakhala pampando amayamba wabweza ngongole ya amene anamubereka kumsana. Inu mudzadikira panja.

Koma chondiwawa kwambiri ndi chakuti khomo mumawatsegulira nokha. Anthu pafupifupi 270,000 anayankha timafunso tooneka ngati masewera pa Facebook, toti tikuuzeni khalidwe lanu. Kudzera mwa iwowo, zambiri zokhudza anzawo zinakokedwa, mpaka anthu 87 miliyoni, n'kukathera m'manja mwa kampani yothandiza andale pa kampeni ya Cambridge Analytica. Zinaululika mu 2018. Eni kampaniyi ankafuna kudziwa chimene munthu aliyense amaopa ndi chimene chimamukwiyitsa, kuti amutumizire mawu omubaya pomwepo. Wamantha amuwonjezere mantha, wokwiya amusonkhezere moto. Ndiye wina n'kumadziguguda pachifuwa kuti maganizowo ndi ake!

Ku South Africa nako, kampani ya ku London yokonza mbiri ya anthu ndi makampani, ya Bell Pottinger, inalembedwa ntchito ndi kampani ya banja lolemera la Gupta, n'kukolezera chidani cha mitundu. Bell Pottinger inagwa mu 2017, koma mawu amene inafesa anatsala m'kamwa mwa anthu.

Tsiku lina ndinakhala pansi kuwerenga ndemanga pansi pa chithunzi cha wandale wina. Maakaunti khumi, onse atsopano, opanda nkhope, akulemba chiganizo chimodzimodzi, ngakhale pamene analakwitsa kalembedwe panali pamodzimodzi. Pakati pawo panali mwana wathu weniweni, akutukwana mnzake wa kusukulu mpaka mayi ake, kumenyera nkhondo anthu amene kulibe. Ena aja alandira malipiro awo. Iyeyo wataya mnzake, osalandira kanthu. Mtima unandipweteka.

Zotsatsa zandale zambiri pa Facebook zimakhala ndi timawu tosonyeza amene walipira. Werengani timawuto, mufufuze dzinalo. Mawu ojambulidwa opanda mwini, chithunzi chopanda tsiku, kafukufuku wosanena amene anamuchita ndi anthu angati amene anafunsidwa, zimenezo zithere mufoni mwanu momwemo.