Dzina loti "legacy" ndi bodza lodikira tsiku lake

Sabata yatha ndinataya masana onse chifukwa cha dzina chabe. Pa seva ina kuntchito, mnzathu amene anachoka kale anatisiyira ma profile (mafayilo ouza mapulogalamu mtundu wa makina amene akuyendapo) atatu: legacy, legacy2 ndi legacy-old, kuchokera ku liwu lachingerezi lotanthauza "zakale". Pulogalamu itakana kuyamba, n'kulavula uthenga wa glibc (laibulale imene mapulogalamu ambiri a Linux amadalira) woti "FATAL: kernel too old", kutanthauza kuti kernel, mtima wa Linux, yakalamba kwambiri, ndinayamba kutsegula mafayilo limodzilimodzi kuti ndidziwe kuti "yakale" imeneyi ndi yakale bwanji. Ndinapeza kuti legacy2 ndiyo ya makina akale kuposa legacy-old. Anzanga, zoona?

Kutcha profile "legacy" kuli ngati kutcha mwana kuti Mzime, chaka chamawa n'kubadwa wina. Kernel 2.6.32 inatuluka mu December 2009, RHEL 6 (Linux ya kampani ya Red Hat) inaitenga mu 2010, ndipo nthawi imeneyo yakale inali 2.6.18 ya RHEL 5. Lero 3.10 ya CentOS 7 (Linux yaulere yotengera RHEL 7) nayo yalowa m'gulu la nkhalamba, poti anasiya kuisamalira pa 30 June 2024. Ndiye liwu limodzi lomweli liziimira ziti?

Ine ndimati lembani nambala. A Gentoo Prefix, njira yoikira Gentoo Linux mkati mwa sisitimu ina, anachita bwino potcha ma profile awo: kernel-2.6.16+, kernel-2.6.32+, kernel-3.2+. Ulemba lamulo la uname -r, uona nambala ya kernel yako, usankha profile, basi. Ndipo malirewo sanachite kuwalota. Amatsata pamene glibc imakweza kernel yocheperetsa imene ingavomere: glibc 2.20 inayamba kufuna 2.6.32, ndipo pofika 2.26 makina a x86 ankafunika 3.2. Kachizindikiro ka + kaja kamandisangalatsa kwambiri, chifukwa kakunena poyambira, sikakulonjeza pothera.

A Python anaphunzira mochedwerako. Potcha mayina osonyeza Linux imene phukusi lawo lingayendepo, anayamba ndi manylinux1, kenako manylinux2010, kenako manylinux2014. Chakacho chimaoneka chothandiza, koma umayenera kusunga m'mutu kuti 2010 ndi CentOS 6 ya glibc 2.12, ndipo 2014 ndi CentOS 7 ya glibc 2.17. Atatopa anabwera ndi chikalata cha PEP 600, choti dzina likhale ngati manylinux_2_17, nambala ya glibc ili pamphumi penipeni.

Ndikudziwa zomwe ena munene, ndipo simukulakwa: nambala ya kernel nayonso imanama. A Red Hat amatenga zinthu za kernel zatsopano n'kuzisokera mu yakale, moti 3.10 yawo imatha zinthu zimene 3.10 yoyambirira ya pa kernel.org singathe. Choncho wina akhoza kunena kuti titchule dzina la distro (mtundu wa Linux), monga rhel7. Vuto n'lakuti munthu wa SUSE kapena Debian yakale akaona dzina limenelo amangodutsa, akuganiza kuti si zake, chonsecho ndi yomwe ikanamuthandiza. Nambala ikanama, imanama mokomera iwe: makina amatha zambiri kuposa zomwe dzina likunena, pulogalamu imayendabe. Koma "legacy" ikanama, umakhala pa desiki mpaka usiku, tiyi atazizira.

Ma profile atatu aja ndawasintha mayina Lolemba. Imodzi inapezeka kuti palibenso makina oigwiritsa ntchito, ndipo ndikukayika ngati aliyense akanaiona ikanapitiriza kutchedwa legacy-old. Ndaifufuta.