Pa nkhani ya Fanny Crosby timaiwala agogo aja

Abale anga, nkhani ya mayi Fanny Crosby yandikhala mmutu sabata yonseyi nde ndiloleni ndingoitulutsa. Awa ndi mayi a ku America aja analemba nyimbo ya Blessed Assurance, anabadwa 1820 mchigawo cha New York nkumwalira 1915 ali ndi zaka 94, ndipo maso anasiya kuona ali khanda la masabata 6 okha. Nyimbo analemba zoposa 8,000, zambiri mpaka zina ankazisindikiza ndi mayina ongopeka kuti buku lisaoneke ngati lonse ndi la munthu mmodzi.

Koma chimene chimandiwawa nchakuti tikamaikamba nkhaniyi pa guwa timangothamangira kunena kuti taonani wosaona koma anatumikira Mulungu, nanga iwe wamaso awiri? Basi ameni, tatseka. Ngati kuti mwana uja anangodzuka mmawa wina nkuyamba kulemba yekha.

Ayi ndithu. Bambo ake anamwalira iye ali ndi miyezi 6, mayi ake a Mercy nkumapita kukagwira ntchito mnyumba za anthu kuti mwana adye, nde amene ankakhala naye tsiku lonse anali agogo ake a Eunice. Agogowa sanamutsekere mnyumba ngati chinthu chochititsa manyazi. Ankamuwerengera Baibulo, kumufotokozera mmene maluwa, mbalame ndi dzuwa likamalowa zimaonekera, mwana wosaona uja nkumasunga zonsezo mumtima. Kenako mayi wina wa nyumba imene ankachita lendi, a Hawley, anayamba kumulowezetsa machaputala 5 sabata iliyonse, taganizani kuleza mtima kwake, kubwereza vesi yomweyo kangapo kangapo mpaka ilowe. Pofika zaka 15 Mauthenga onse anayi ndi mabuku asanu a Mose anali mmutu. Mu 1835 analowa sukulu ya osaona ku New York, nkudzakhalanso mphunzitsi konko. Mwaona manja angati anamugwira mtsikanayu?

Chikhulupiriro cha mayi Crosby sindikuchichepetsa ayi, ineyo chimandigwetsa misozi. Sanakhale moyo wawo akudandaula za maso kapena kufunsa kuti analakwa ndani, ankati kusaona kwawoko Mulungu anakugwiritsa ntchito, ndipo nkhope yoyamba imene adzaione ndi ya Yesu. Komanso mavuto sanathere pa maso. Anakwatiwa 1858 ndi Alexander van Alstyne, woimba wosaonanso, mwana wawo mmodzi yekhayo nkumwalira ali khanda, ndipo nkhani imeneyi sankaikamba kawirikawiri. Munthu wonyamula chilonda chotere nde analemba Safe in the Arms of Jesus, nde mukamaiimba dziwani kuti si mawu a munthu amene zinkamuyendera.

Ntchito ya nyimbo zauzimu anaiyamba 1864 ali ndi zaka 40 nkanthu. Ankapeka mmutu nyimbo yonse, kuikonza mmutu momwemo, kenako nkumanena wina akulemba. Malipiro ake dola imodzi kapena awiri pa nyimbo, pamene mabuku ankagulidwa ochuluka zedi, apa ndinene poyera kuti anawadyera masuku pamutu. Koma ngakhale kochepako ankagawa, nkumakhala mnyumba za lendi kumadera osauka a Manhattan, usiku nkumapita ku mamishoni a ku Bowery kukacheza ndi zidakwa ndi anthu ogona panja. Sankawakalipira, ankakhala nawo pansi nkumawatchula kuti anyamata anga.

Nde ine ndikamva wina akuuza munthu wosaona kuti limba mtima ngati Fanny Crosby, ndimafuna ndimufunse kuti nanga inuyo mwakonzeka kukhala a Eunice? Mwamuwerengerako tsamba limodzi? Mwamugwirako dzanja kupita naye kutchalitchi, kapena mumangomukumbukira tsiku la mapemphero a machiritso? Poti kulalikira nkhaniyi nkosavuta kwabasi.

Pamanda awo ku Bridgeport panaikidwa kamwala kakang'ono kolembedwa dzina loti Aunt Fanny ndi mawu a pa Marko 14:8, akuti anachita zimene akanatha. Ndikawerenga pamenepo maganizo anga amapita kwa agogo aja, anamwalira Fanny akadali mwana, nyimbo zonse zija sanamveko ngakhale imodzi.