Kalipentala uja anapambana, koma ndalama n'kuzilandira ali ndi zaka 80

Nkhani ya John Harrison, kalipentala wa ku Britain yemwe anapanga wotchi yothandiza amalinyero kudziwa pomwe ali panyanja, yandikhala pamtima sabata yonseyi, ndiye loleni ndiilankhule, ngakhale ena munganene kuti ndasowa chochita.

Kalelo amalinyero akakhala pakati pa nyanja yamchere, ankadziwa kuti ali kumpoto kapena kummwera motani poyang'ana dzuwa ndi nyenyezi. Koma zoti afika pati chakum'mawa kapena chakumadzulo, zomwe zimatchedwa longitude, ankangoyerekeza. Mu 1707 sitima zinayi zankhondo za dziko la Britain zinawomba miyala pafupi ndi zilumba za Scilly, anthu oposa 1,400 n'kumira usiku umodzi, pamodzi ndi mkulu wawo Cloudesley Shovell. Mu 1714 nyumba ya malamulo inalonjeza mapaundi 20,000 kwa aliyense wopeza njira yodziwira pomwe sitima ili, osaphonya kupitirira theka la digiri, paulendo wa ku West Indies. Anakhazikitsa komiti yoweruza, mmene munali akuluakulu a asilikali apanyanja ndi akatswiri a nyenyezi ndi masamu.

Ndalama zikamveka, anzeru ndi amisala amatulukira limodzi. Ena anati sitima ziimikidwe mumzere panyanja yonse, ziziwomba mizinga pa nthawi yoikika kuti odutsa azimva. Kaya nangula wake akanafika bwanji pansi, kaya.

Harrison anali kalipentala wa kumudzi wa Barrow upon Humber, wobadwa mu 1693, wosapita kuyunivesite. Mawotchi anadziphunzitsa yekha, ndipo oyamba anawapanga ndi matabwa. Nzeru yake inali iyi: dziko limazungulira madigiri 15 pa ola. Dzuwa likakhala pamutu pomwe uli, koma wotchi yomwe wanyamula ikuti ku London ndi 2 koloko masana, ndiye kuti uli madigiri 30 kumadzulo. Basi. Vuto linali wotchiyo. Za nthawi imeneyo zinkadalira kachitsulo kolendewera, ndipo mafunde akayamba kukankha sitima, kutentha ndi kuzizira n'kusinthana, mafuta n'kulimba, wotchi inkanama.

Wotchi yake yoyamba, chimakina cha makilogalamu 34, anaiyesa paulendo wa ku Lisbon mu 1736 ndipo inachita bwino. Komiti inam'patsa mapaundi 500 kuti apitirize. Apa ndinene chilungamo: bamboyu analinso wovuta. Yachitatu yokha anakhala nayo zaka 19 akuikonzakonza, komiti ikumupatsabe ndalama. Yachinayi, yomwe inatha mu 1759, inali yokwana m'dzanja. Mwana wake William anapita nayo ku Jamaica mu 1761, ndipo atachotsera kataye kake ka tsiku ndi tsiku komwe ankakadziwa kale, inapezeka kuti yaphonya masekondi asanu okha m'masiku 81. Komiti inati mwina wangochita mwayi. Anabwereza mu 1764 paulendo wa ku Barbados, inaphonya masekondi 39, mkati mwenimweni mwa malire a lamulo la 1714.

Ndalama? Ayi ndithu. Mu 1765 kunabwera lamulo lina: alandira theka akaulula kapangidwe ka wotchiyo n'kupereka mawotchi onse ku boma, theka linalo pokhapokha zitaoneka kuti zina zofanana nayo zingapangidwe.

Anthu ambiri akamva pamenepa amangoti akuluakuluwo anali anjiru. Ine sindikuvomereza zonse. Wotchi imodzi yokhala m'bokosi la nkhalamba imodzi, chinsinsi chake chili m'mutu mwake, ingapulumutse amalinyero angati? Larcum Kendall, mmisiri wina wa mawotchi, atapanga yofanana nayo analipidwa mapaundi 500, ndipo sitima zinali mazanamazana. Boma linkagula njira yoti aliyense agwiritse ntchito, ndiye kufunsa kuti "tionetseni mkati" sikunali kulakwa.

Kulakwa kwawo kunali kuwiri. Koyamba, zimenezi anayenera kuzilemba momveka mu 1714, osati kudikira munthu awononge zaka 30 za moyo wake, apambane, kenako n'kumuuza kuti mgwirizano wasintha. Kachiwiri, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umawira, ndi nkhani ya Nevil Maskelyne. Mkuluyu ankalimbikitsa njira ina, yoyeza mtunda wa pakati pa mwezi ndi nyenyezi kenako n'kuwerengetsa masamu. Njirayo inali yabwino ndithu, yotchipa, ndipo mkazi wamasiye wa Tobias Mayer, Mjeremani yemwe anakonza masamu a kayendedwe ka mwezi, analandira mapaundi 3,000 moyenera. Koma Maskelyne yemweyo ndi amene anatumidwa ku Barbados kukayeza nawo ngati wotchi ya Harrison inalondola. Mu 1765 anakhala mkulu wa za nyenyezi ku Greenwich, n'kulowa m'komiti. Wotchi ya Harrison anaisunga iyeyo miyezi khumi akuiyesa, lipoti lake n'kutuluka loipa. Mwina munthuyu anali woona mtima, sindikumutcha wakuba. Koma mbuzi ungaisungitse kwa fisi, ngakhale fisiyo atakhala wopemphera? Mlandu womwe uli nawo mbali, umatuluka m'bwalo, ena aweruze.

Harrison atatopa anakadandaula kwa Mfumu George III. Mfumuyo inayesa yokha wotchi yake yachisanu kwa masabata khumi mu 1772, n'kukhutira nayo. Mu 1773 nyumba ya malamulo, osati komiti ija, inam'patsa mapaundi 8,750. Kuphatikiza zonse zomwe analandira pa moyo wake zinaposa 23,000, choncho sanafe wosauka, ndipo ofuna kuteteza komiti amakonda kutchula chiwerengero chimenechi. Koma anali ndi zaka 80, maso atafooka, ndipo anamwalira mu 1776, patangotha zaka zitatu. Pa nthawi yomwe ankalandira ndalamazi, James Cook, kaputeni wotchuka wa sitima, anali atanyamula wotchi ya Kendall ija paulendo wake wachiwiri wa 1772 mpaka 1775, ndipo anabwerako akuiyamikira kwambiri.

Amene muli ku UK, mukapeza mpata pitani ku Royal Observatory ku Greenwich mukazione. Zitatu zoyambazo zimayendabe mpaka lero. Yachinayi ija, yomwe inabweretsa mkangano wonsewu, amaisunga itaima, chifukwa imafuna mafuta ndipo akuopa kuti tizitsulo take tingaperepeseke.